Kwawo kwa Kenan Kulibe Fungo

A Sosten anagwapo kamodzi pa unkhoswe, ndipo kugwa kwake kunamveka kuchokera ku South Bend mpaka ku Ndirande. Zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo anaimirira pamaso pa anthu mazana awiri, atavala suti yotuwa, n'kunena kuti mnyamata wofuna kukwatira mwana wa msuweni wawo amufufuza mokwanira, ndipo alibe banga. Patangotha miyezi isanu ndi iwiri kunatulukira mkazi wina wochokera ku Texas, atagwira ana awiri ofanana ndi mkamwiniyo mpaka makutu. Kuyambira pamenepo a Sosten akalowa mu holo ya tchalitchi, amayi ena ankatsitsa mawu, ena ankawakweza dala.

Ndiye pamene mlongo wawo Ida anaimba foni kuchokera ku Blantyre, iwo anakhala kaye pansi.

"Achimwene, mwana wanu Atupele wapeza mwamuna wa ku Turkey. Ine kumeneko sindingafike. Maso anga ndi inu. Mukati eya, chinkhoswe chichitika mu Ogasiti. Mukati ayi, ndi ayi basi."

"Mwiniwake akudziwa zimenezo?"

"Akudziwa. Walira kale, ndiye musaope."

Atupele anabwera ku America ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, n'kukhala m'nyumba ya a Sosten zaka zisanu akuphunzira unamwino. Tsopano ankagwira ntchito ku Indianapolis, akukhala ku Beech Grove. Mwamunayo dzina lake linali Kenan, injiniya pa kampani ina ya ku Speedway yosula zitsulo za magalimoto a mpikisano. Za chipembedzo sizinawavute a Sosten. Theka la abale a akazi awo ndi Asilamu a ku Machinga, ndipo ndi amene amafika moyambirira pa maliro. Chimene chinawavuta chinali kwawo kwa munthuyo.

Ntchito ya a Sosten inali yoyeza magazi m'chipatala china, ndipo ntchitoyo inawaphunzitsa kuti dzina lolembedwa pa kabotolo si umboni wa zimene zili m'kati. Choncho Kenan asanabwere kudzaonekera pa Pasaka, iwo anagula kope lakuda.

Mnyamatayo analowa atawerama. Anapereka moni ndi manja awiri, n'kunena kuti, "Zikomo kwambiri, malume," m'Chichewa chomveka ngati munthu akutafuna chimanga chokazinga. Kenako anakhala m'mphepete mwa mpando, maso ali pa kapeti, ndipo sanawadzutsenso kufikira madzulo. M'zaka makumi awiri ndi ziwiri zimene a Sosten anakhala ku America, anali asanaonepo mzungu wosayang'ana munthu m'maso. Analemba zimenezo pa tsamba loyamba.

Zina zinabwera zokha. Kwa iwo Kenan ananena kuti kwawo ndi ku Bursa, mzinda wa mafakitale a magalimoto ndi nsalu, ndipo bambo ake anagwira ntchito yowotcherera zitseko za galimoto zaka makumi atatu. Kwa akazi awo, a Evelina, kukhitchini, ananena kuti bambo ake amalima maolivi pafupi ndi nyanja, ndipo mayi ake anali ku hotela ya akasupe a madzi otentha. Kwa Dixon, mnzawo wa kutchalitchi amene anangobwera kudzaona mlendo koma n'kudya kawiri, ananena kuti anakulira m'tsinde mwa phiri la chipale kumene anthu amatsetsereka atamanga matabwa kumapazi. Pa tebulo anabwereza za phiri ndi akasupe, n'kuwonjezera silika, mapichesi ndi mtedza wa m'mitengo wophikidwa mu shuga.

Alendo atapita, a Sosten anayala kope pa tebulo.

"Mayi a Upile, tabwerani muwerenge. Fakitale. Nyanja. Phiri la chipale. Mawira. Maolivi. Munthu mmodzi, kwawo kumodzi."

"Ndiye chavuta n'chiyani?"

"Munthu atakuuzani kuti kwawo ndi ku Kanengo, koma akatsegula windo amaona Sapitwa, akatuluka kuseri amasamba ku mawira a ku Liwonde, ndipo bambo ake ndi msodzi wa ku Nkhata Bay, inu mungamupatse mwana?"

"Mwagugula?"

Anagugula, kufufuza zonse pa intaneti. Ndipo apa m'pamene zinthu zinaipa, chifukwa zonse zinalipo. Bursa analipodi, kummwera kwa nyanja yotchedwa Marmara, m'chigawo chimene chili ndi mafakitale ambiri kuposa china chilichonse m'dzikomo. Phiri linalipo, Uludağ, lofupikirapo pang'ono poyerekeza ndi Mulanje, ndipo anthu amakwera m'timabokosi tolendewera pa chingwe. Maolivi analipo ku Gemlik. Akasupe analipo. Ngakhale mtedza wa shugawo unalipo, uli m'bokosi la riboni.

"Mwaonatu," anatero a Evelina. "Mwana wa eni ake sananame."

"Wabodza alibe foni?"

A Sosten anali atapeza tsamba lina la alendo okaona malo, n'kulisindikiza kuntchito. Anayika pepalalo pambali pa kope lawo. Tsambalo linkayamba ndi phiri, kenako akasupe, kenako msika wakale wa silika, n'kumalizira mtedza. Kenan pa tebulo anayamba ndi phiri, kenako akasupe, kenako silika, n'kumalizira mtedza. Ngakhale mawu akuti "mzinda wobiriwira" anawatchula pamalo omwewo.

"Uyu waloweza," anatero akugogoda pepalalo ndi chala. "Munthu wa kwawo sakamba za kwawo motsatira ndondomeko."

"Bambo a Upile, inu munalumidwa ndi njoka, tsopano mukuthawa lamba wanu yemwe."

"Lamba amene waloweza tsamba la pa intaneti ndimuthawa ndithu."

Loweruka lina mu Juni ananyamuka m'mawa kulowera ku Indianapolis. Msewu wa 31 ndi wowongoka ngati chingwe choyanikira zovala, ndipo mbali zonse ndi chimanga ndi soya, soya ndi chimanga. Umayenda maola awiri ndi theka osaona ngakhale chulu. A Sosten ankayang'ana chigwacho n'kumalimba mtima. Dziko limakhala chonchi, linapatsidwa chinthu chimodzi n'kukhutira nacho. A Evelina anagona asanafike ku Kokomo.

Ku Beech Grove Atupele anawalandira atamanga chitenje pamwamba pa jinzi. Anali ataphika mpunga wa Kilombero umene ankausunga ngati mankhwala, ndi nkhuku. Kenan anaima kuseri kwake, atawerama kale. Iye ndi a Sosten ankalankhulana m'Chingerezi, ndipo Atupele ankayang'ana pakamwa pa aliyense ngati namwino woyang'anira odwala awiri nthawi imodzi.

Atatha kudya, a Sosten anatulutsa kope.

"Malume, mpaka kope?" anatero Atupele m'Chichewa.

"Mayi ako anandituma maso. Maso anga amaiwala."

Anatembenukira kwa Kenan. Funso loyamba anali atalikonza kuyambira ku South Bend, ndipo ankadziwa kuti silipezeka pa tsamba lililonse la alendo. Kwathu munthu akati kwawo, amatanthauza kumene kuli manda a anthu ake. Zina zonse ndi malo ogona.

"Agogo anu aamuna anaikidwa kuti?"

Kenan anayang'ana kapeti. "Ku Bulgaria, malume."

A Sosten analemba pang'onopang'ono, chilembo chimodzichimodzi, kuti aliyense amve cholembera chikuyenda. Dziko lachiwiri. Mtima wawo unachita kanthu kena kofanana ndi chimwemwe, ngati mmene umachitira magazi akatsimikiza zimene unkaganiza kale.

"Bulgaria," anabwereza.

"Agogo anu aamuna inuyo ali kuti?" anafunsa a Evelina m'Chichewa, akutola mbale. "Si ku Mozambique, kuseri kwa Muloza?"

"Imeneyo ndi nkhani ina."

"Eya, nkhani zanu zonse zimakhala zina."

A Sosten anatsegula tsamba latsopano. "Funso lachiwiri ndi lophweka. Kwanu kumanunkha chiyani?"

Kenan anaponya diso kwa Atupele mwachangu, ndipo a Sosten analiona disolo. Atupele anagwedeza mutu pang'ono, ndipo a Sosten anaonanso zimenezo.

"Maluwa a mapichesi, malume. Ndi mphepo ya kuphiri."

Kope linatsekedwa. A Sosten anatulutsa pepala losindikiza lija m'thumba la jekete, analitambasula, n'kuyamba kuwerenga mokweza: phiri, akasupe, silika, mtedza. Pa mzere uliwonse ankaima n'kutchula nthawi imene Kenan ananena mawu omwewo. Makutu a mnyamatayo anafiira ngati tomato.

"Ine ndinabadwira ku Ndirande," anatero atamaliza. "Ndayenda m'mizinda isanu ndi umodzi. Sindinaone mzinda wa mafakitale wonunkha maluwa. Inu mwina ku Turkey munabadwirako, sindikukana. Koma kumene mukutiuzako si kwanu, ndipo munthu akabisa kwawo, kumakhala kuti kwawoko kuli munthu. Mkazi, kapena ana, kapena onse. Ine zimenezi ndinaziona kale, ndipo sindidzazionanso kachiwiri. Mlongo wanga ndimuuza kuti ayi."

"Malume!"

"Atupele, ukalira lero ulira tsiku limodzi."

Anaimirira, natola makiyi. Koma munthu wokonda kumasula mfundo sachoka atasiya ulusi ukulendewera, choncho pakhomo anatembenuka.

"Kungofuna kudziwa. Ngati kwanuko kuli nyanja, phiri, mapichesi ndi madzi otentha otuluka okha pansi, munachokerako chiyani kudzakhala pakati pa chimanga cha ku Indiana?"

Kenan ananena motsitsa, "Atupele, pepa. Khosi landiwawa miyezi itatu." Anadzutsa mutu, n'kuyang'ana a Sosten m'maso mwenimweni.

"Kumanunkha mazira owola."

"Kenan," anatero Atupele.

"Ayi, afunsa. Kuseri kwa nyumba yathu kumadutsa mtsinje wochokera kuphiri lomwelo. Kumtunda mukhoza kumwa. Ukafika kwathu umakhala utadutsa mafakitale onyika nsalu zopita ku Ulaya, ndipo umasintha mtundu. Mayi anga ankaima pa mlatho n'kunena kuti, chaka chamawa Ajeremani avala zofiirira. Sankalakwa. Nthawi yotentha tinkatseka mawindo n'kumaphikika m'kati ngati mbatata."

A Sosten anali akadagwira chitseko.

"Mapichesi analipo, inde. Chigwa chonse chinali mapichesi. Lero pali nyumba zosungiramo katundu ndi malo oimika malole. Phirilo ndinkaliona tsiku lililonse pa windo la sukulu, koma pamwamba ndafikapo kawiri. Kumeneko ndi kwa anthu a ku Istanbul ndi alendo a mayiko ena. Ulendo wina ndinapita kukawanyamulira matabwa awo pa holide. Kutsetsereka kumene ndinauza a Dixon kuja ndinatsetsereka nditakhalira thumba la pulasitiki, ndipo ndinathyola dzino ili." Anakweza mlomo. Dzinolo linali loyera kuposa anzake. "Mayi anga ku hotela ya akasupe sankasamba. Ankachapa matawulo, zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, manja awo anang'ambika ngati dothi la m'chilimwe. Maolivi ndi mitengo makumi anayi imene bambo anagula atapuma ntchito. Khumi ndi isanu inadyedwa ndi msewu waukulu, yotsalayo amakanganirana malire ndi mnansi wawo chaka chilichonse. Mukufuna zina?"

"Pitirizani," anatero a Sosten. Chitseko anali atachisiya.

"M'nyengo yozizira kumabwera mphepo yochokera kummwera. Imapweteketsa mutu, imaimitsa sitima za pa nyanja, ndipo imabweza utsi m'chumuni kulowa m'nyumba. Anthu amagona osadzukanso. Ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi kunachita chivomezi, tinagona panja masabata awiri, ndipo mpaka lero sindikhala pansi pa nyali yolendewera. Agogo ali ku Bulgaria chifukwa ndiko kunali mudzi wathu. Bambo anathawako mu 1989, boma la kumeneko litakakamiza anthu a mtundu wathu kusintha mayina. Anafika ku Bursa ndi firiji pa denga la galimoto, chifukwa anamva kuti mafakitale akulemba anthu. Theka la msewu wathu linabwera chomwecho. Ndinachokako chifukwa ndinkafuna kupanga galimoto, osati kuwotcherera chitseko chimodzimodzi zaka makumi atatu. Ndipo ndikakhala kuno ndimakusowa, ndi fungo lomwe. Limenelo musandifunse, sindilimvetsa."



A Sosten sanali ku Beech Grove. Anali pa mlatho wa Mudi, ali mwana wa sukulu, akutsika kuchokera ku Ndirande, madzi ali buluu Lolemba, ofiira Lachinayi, thovu likuyandama ngati la sopo. Ankatseka mphuno ndi kolala ya yunifolomu. Ndipo anakumbukira kuti mzungu aliyense wa kuntchito akawafunsa za ku Malawi, iwo amayamba ndi nyanja, kenako Mulanje, kenako tiyi, n'kumalizira kumwetulira kwa anthu. Motsatira ndondomeko. Ku Mulanje anali asanakwereko n'kamodzi komwe.

Anabwerera pa mpando. "Nanga tsamba ili?"

Atupele anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Ndine, malume. Ndinamuuza kuti pamaso pa akuluakulu sayang'ana m'maso, sachulutsa mawu, ndipo sanyoza kwawo chifukwa mungaganize kuti ndi wosaleredwa. Si mmene munkandiphunzitsira inuyo? Ndiye anati, nanga zabwino za kwathu ndi ziti? Tinafufuza limodzi. Ndinampirintira ine ndemwe."

A Evelina anaseka mpaka anagwira tebulo. "Ndiye bambo a Upile munalondola! Analowezadi! Mwagwira mbava ikuba m'munda mwake!"

A Sosten sanaseke. Umboni wawo unali wolondola, mlandu ndiwo unali wolakwika, ndipo zimenezi zimawawa kuposa kungolakwa. Komanso munthu amene anagwapo sakhulupirira nthaka msanga. Wabodza waluso akhoza kuloweza zoipanso.

"Ku Bursa ndi nthawi yanji tsopano?"

Kenan anayang'ana wotchi. "Ikukwana eyiti madzulo. Dzuwa silinalowe."

"Imbirani bambo anu. Pa vidiyo. Musawauze kanthu. Mungowafunsa kuti mtsinje uli bwanji lero, ndipo foni muyang'anitse kuno."

Foni inaitana kanayi. Panaoneka mphumi, kenako ndevu zoyera za pamlomo, kenako munthu yense, atakhala pa khonde la nyumba yosanja, atagwira kagalasi kakang'ono ka tiyi. Kumbuyo kwake kunali madenga ofiira, machumuni awiri, ndipo patali phiri lalikulu lili ndi kachigamba koyera pansonga. Kenan ananena mawu ochepa m'chinenero chawo. Mkuluyo anaika tiyi pansi, anatsina mphuno ndi zala ziwiri, n'kupukusa dzanja linalo kutsogolo kwa nkhope. Kenako anayankhula kwa nthawi yaitali, akuloza kumanzere, mawu akukwera.

"Akuti wakuda," anatero Kenan. "Zinazo ndi za akhansala."

"Zimenezo ndamva ndekha."

Mkuluyo anayandikitsa nkhope pa foni, kuyang'ana a Sosten kuyambira kumutu mpaka pa tayi. Anafunsa kanthu. Kenan anayankha, ndipo a Sosten anamva dzina lawo. Pamenepo mkuluyo anakweza chala ngati akuti dikirani, anapisa m'thumba la malaya, natulutsa kapepala kopindidwa kanayi ndi magalasi. Anawerenga. Kenan sanamasulire.

"Akuti chiyani?"

"Palibe kanthu, malume."

"Mwayambiranso?"

Kenan anagonja. "Akuti popeza ndinu malume ake, mwina muwathandiza. Akuti Atupele anawauza kuti kwawo ndi ku Blantyre. Kwa mayi ananena kuti ku Phalombe. Kwa mlongo wanga ananena kuti ku South Bend. Ndiye akuti dziko lopanda nyanja yamchere likhala bwanji ndi nsomba zambiri chonchija, ndipo akufunsa kuti agogo ake anaikidwa kuti."

A Evelina anatuluka panja kuti akasekere kumeneko.

A Sosten anawongola tayi. Anakoka mpando kuyandikira foni, anatsegula kope pa tsamba loyera, n'kujambula mzere wautali wokhota wa malire.

"Auzeni kuti afunsa bwino. Uyu ndi Mozambique. Auzeni atenge cholembera, nkhaniyi ndi yaitali."

Inatenga mphindi makumi anayi. Pomaliza, amuna awiriwo anali atagwirizana, kudzera mwa Kenan, kuti achinyamata a masiku ano sadziwa kuyankha funso lophweka.

Pobwerera anaima pa malo omwetsera mafuta ku Kokomo. A Evelina atalowa kukagula madzi, a Sosten anaimbira mlongo wawo. Ku Blantyre anthu anali atadya kale, ndipo Ida anayankha foni isanaitane kawiri.

"Achimwene, mwamuona?"

"Ndamuona. Bambo akenso ndawaona."

"Kwawo kuli bwanji?"

A Sosten anayang'ana chimanga chimene chinayambira pa mpanda wa waya kukafika kumene maso amalekezera.

"Kumanunkha ngati Mudi."

"Ndiye ndi ayi?"

"Uzani atelala ayambe kusoka. Ndikaimirira ndine."

"Achimwene, mwatsimikiza? Paja ulendo uja munatsimikizanso."

"Uja sananyozepo kwawo ngakhale kamodzi. Ndinayenera kudziwira pomwepo."

Atadula foni, anatenga kope lakuda pa mpando wa kumbuyo kuti aliponye mu bini. Analigwira kanthawi, akuliyeza kulemera m'dzanja. Masamba olembedwa anali asanu ndi atatu okha, otsalawo anali oyera, ndipo mwana wawo Upile anali atayamba kutchulatchula dzina la mnyamata wina wa ku Lawrence. Anatsegula kabokosi ka kutsogolo kwa galimoto, n'kuliika pansi pa mapepala a inshuwalansi.